Mphatso kapena Ngongole: Wophunzira Waulumali ndi Masitepe a Yunivesite

Pamene sukulu ya ukachenjede yamanga njira yotsetsereka pambali pa masitepe kuti wophunzira woyendera njinga ya anthu aulumali athe kulowa m'chipinda chophunzirira, kapena pamene yasindikiza mayeso m'zilembo za Braille, zimene anthu osaona amawerenga pozikhudza ndi zala, pamabuka funso lakuti kodi sukuluyo yapereka mphatso kapena yabweza ngongole. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kwakukulu, chifukwa mphatso imachokera mumtima mwa woipereka, amene ali ndi ufulu wopatsa lero ndi kumana mawa, ndipo woilandira amayenera kuwomba m'manja ndi kukhala chete, pamene ngongole ili ndi mwini wake, amene angathe kuilonjerera popanda manyazi ndiponso popanda kutchedwa wosayamika. Zipembedzo zikuluzikulu pamodzi ndi akatswiri a filosofi, amene ntchito yawo ndi kusinkhasinkha za maziko a choonadi ndi chilungamo, akhala akuyankha funsoli mosiyanasiyana, ndipo kwa zaka zambiri yankho lofala linkapendekera ku mbali ya chifundo. Mbiri ya ophunzira aulumali amene anamenyera malo awo m'mayunivesite imasonyeza kuti yankho limeneli ndi loperewera.

Nkhani yodziwika kwambiri pa mutuwu ndi ya Ed Roberts wa ku California m'dziko la America, amene anadwala poliyo mu 1953 ali ndi zaka 14, ndipo matendawo anamufoola thupi lonse kuyambira m'khosi kupita kumunsi, kupatula zala zochepa chabe. Popeza minofu yopumira nayonso inafooka, usiku ankagona m'chimakina chachitsulo chooneka ngati mgolo waukulu, chimene chinkakoka ndi kukankha mpweya kuti mapapo ake agwire ntchito, ndipo chinkalemera makilogalamu oposa 300. Asanafike n'komwe ku yunivesite, akuluakulu a sekondale imene ankaphunzirako anayamba akana kumupatsa satifiketi chifukwa sanachite nawo maphunziro olimbitsa thupi ndi oyendetsa galimoto, mpaka amayi ake, Zona Roberts, anachita kulimbana nawo. Mu 1962 analandiridwa pa University of California ku Berkeley, komabe nthambi ya boma la California yothandiza anthu aulumali kupeza ntchito inali itakana poyamba kumulipirira maphunzirowo, ponena kuti ulumali wake unali waukulu kwambiri moti sakanadzalembedwa ntchito ndi aliyense. Nyumba zogona ophunzira sizikanatha kusunga chimakina chake, choncho anapatsidwa chipinda m'chipatala cha pasukulupo chotchedwa Cowell, ndipo iye anavomera pokhapokha chipindacho chitaonedwa ngati malo ogona wophunzira osati wodwala. Mfundo imeneyi imaoneka yaing'ono, koma nkhani yonse yagona pomwepa, pakuti wodwala amagona, kudzuka ndi kutuluka panja molamulidwa ndi anamwino, pamene wophunzira amadzisankhira yekha nthawi yowerenga, yocheza ngakhalenso yoitaya pachabe.

M'zaka zotsatira ophunzira ena aulumali waukulu anabwera kudzakhala m'chipatala chomwecho, ndipo popeza Berkeley inali panthawiyo chimake cha zionetsero za ophunzira zomenyera ufulu wolankhula, iwonso anayamba kuona mavuto awo ndi maso andale. Anadzitcha Rolling Quads, ndipo mu 1970 anayambitsa ofesi yoyendetsedwa ndi ophunzira aulumali eni ake, imene inkakonza njinga zowonongeka, kupezera ophunzira owathandiza kusamba ndi kuvala, ndiponso kufunafuna nyumba zoloweka ndi njinga. Anaumirizanso khonsolo ya mzindawo kudula ndi kusalaza m'mphepete mwa misewu kuti njinga zizitha kutsika ndi kukwera podutsa msewu, ndipo mu 1972 panabadwa Center for Independent Living, malo amene anapititsa ntchito yomweyo kwa anthu aulumali a kunja kwa yunivesite.

Kuseri kwa zonsezi kunali funso lakale la filosofi, lakuti kodi chimene chimalepheretsa munthu kulowa m'nyumba chili m'thupi mwake kapena chili pakhomo pa nyumbayo. Mu 1976 gulu la anthu aulumali a ku Britain lotchedwa Union of the Physically Impaired Against Segregation linafalitsa chikalata chosiyanitsa vuto la m'thupi, monga miyendo yosagwira ntchito, ndi kusalidwa kumene kumabwera chifukwa anthu anakonza mizinda, masukulu ndi ntchito mosaganizira matupi otere, ndipo katswiri wa chikhalidwe cha anthu Mike Oliver, amene nayenso ankayendera njinga, anakuza ganizoli m'buku lake la mu 1983. Ganizoli ndi lamphamvu chifukwa limakumbutsa kuti masitepe sanamere okha. Anajambulidwa ndi munthu amene anali ndi chithunzi cha wophunzira m'mutu mwake, wophunzira wa miyendo iwiri yamphamvu, maso akuthwa ndi makutu akumva, ndipo nyumba yonse inamangidwa motsatira thupi limenelo. Kunena zoona, yunivesite iliyonse ndi yodzaza kale ndi zinthu zothandiza matupi osatha kuchita zonse: masitepewo alipo chifukwa palibe munthu angadumphe kufika pa nsanja yachiwiri, mipando ilipo chifukwa anthu amatopa kuimirira, ndipo magetsi a m'laibulale amayatsidwa usiku chifukwa cha ophunzira openya okha, popeza wosaona sawasowa powerenga. Palibe amene amawerenga ndalama zolipirira magetsi ngati zachifundo zochitira anthu openya, ndipo palibe wophunzira amene amauzidwa kuti akathokoze akuluakulu a sukulu chifukwa cha mpando. Thandizo loperekedwa kwa ambiri limasiya kuoneka ngati thandizo ndipo limangotchedwa chikhalidwe cha nyumba, pamene loperekedwa kwa ochepa limalembedwa m'kaundula wa zokomera mtima.

Malemba opatulika a Ayuda ndi Akhristu ali ndi mawu awiri pa nkhaniyi, ndipo onse awiri amapezeka m'buku limodzi la Levitiko. Mutu 21 umaletsa mwana wa m'banja la Aroni amene ndi wosaona, wopunduka kapena wa chilema china chilichonse kupereka nsembe pa guwa, ngakhale umamulola kudya nawo chakudya chopatulika, kotero kuti munthuyo amadyetsedwa koma salowetsedwa pamalo a udindo. Mutu 19 umaletsa kutemberera munthu wosamva ndiponso kuika chokhumudwitsa pa njira ya wosaona, ndipo lamuloli limamangirizidwa ku kuopa Mulungu. Chochititsa chidwi ndi chakuti lamulo lachiwirili silikamba za mtima wachisoni, koma za njira ndi zimene munthu waikapo, ndipo mlandu limauika pa woika chopunthwitsacho. Yunivesite imene imapereka ndalama zothandizira wophunzira waulumali koma n'kusiya laibulale yake pamwamba pa masitepe popanda chikepe yatsatira mutu 21 ndi kunyalanyaza mutu 19, ngakhale akuluakulu ake atakhala kuti sanawerengepo Levitiko.

Mu Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 9, ophunzira a Yesu ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa ngati wochimwa anali iyeyo kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana mbali zonse ziwiri, motero anadula chingwe chimene anthu ambiri, kuphatikizapo a masiku ano, amamangirira nacho ulumali ku tchimo, ku matemberero kapena ku ufiti. Komabe pali vuto limene alaliki sakonda kulitchula, lakuti nkhani zotere pafupifupi zonse zimathera pa machiritso: wosaona uja anapenya, ndipo wopunduka wa m'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 3, amene ankamuika pa chipata cha kachisi kuti azipempha, analowa m'kachisimo atayamba kuyenda. Munthu ngati Roberts, amene anakhala zaka 42 chidwalireni poliyo osaimiriranso, akamva nkhanizi zokha angaganize kuti khomo limatsekukira okhawo amene achira, ndipo mpingo umene ulibe uthenga wina kwa iye umangomuuza kuti adikire kapena, moipitsitsa, kuti chikhulupiriro chake ndi chochepa.

Pali nkhani zina zimene zimalozera kwina. Mu Marko, mutu 2, khamu la anthu linatseka khomo la nyumba ku Kapernao, ndipo amuna anayi amene ananyamula mnzawo wofa ziwalo anasasula denga ndi kumutsitsira mkati, kotero kuti chinthu choyamba kusinthidwa tsiku limenelo chinali nyumba, thupi lisanakhudzidwe, ndipo palibe pamene mlembi akunena kuti anadzudzulidwa chifukwa chowononga denga la mwini wake. Mefiboseti, mwana wa Yonatani, amene anapunduka miyendo yonse ali ndi zaka zisanu, anabwezeredwa minda ya agogo ake Sauli ndipo ankadya pa tebulo la mfumu Davide masiku onse, ali chipundukire. Davide anachita zimenezi pokwaniritsa pangano limene anapangana ndi Yonatani, ndiye kuti kukoma mtima kwake kunali komangidwa ndi lumbiro, ndipo kunali pafupi ndi ngongole kuposa ndi mphatso. Nancy Eiesland, katswiri wa maphunziro a zaumulungu amene nayenso anali waulumali, anapitirira pamenepa m'buku lake la mu 1994 lotchedwa The Disabled God, m'mene anaonetsa kuti Khristu wouka kwa akufa anaonekera kwa ophunzira ake ali ndi mabala m'manja, m'mapazi ndi m'nthiti, ndipo ngati thupi laulemerero likhoza kukhala ndi zipsera, ndiye kuti ungwiro umene Mulungu amafuna sungayesedwe ndi mphamvu ya ziwalo.

Chisilamu chili ndi nkhani imene imagwirizana kwambiri ndi za wophunzira, popeza mwini nkhaniyo anabwera kudzafuna maphunziro. Malinga ndi omasulira Korani, sura 80 inatsika pamene Abdullah ibn Umm Maktum, munthu wosaona, anafika kwa Mneneri Muhammad kudzafunsa za chipembedzo pa nthawi imene Mneneriyo anali kulankhula ndi akuluakulu a fuko la Quraysh, ndipo atamunyalanyaza, chidzudzulo chinachokera kwa Mulungu. Wosaonayo sanapemphe ndalama kapena chakudya, anapempha gawo lake la nthawi ya mphunzitsi, ndipo sura ija inagamula kuti ulemu wa anthu otchuka sunali chifukwa chokwanira chomumana.

Otsutsa ali ndi mfundo imene siyenera kupeputsidwa, yakuti chuma cha yunivesite chili ndi malire, ndipo ndalama zoikira chikepe chothandiza ophunzira atatu zikhoza kugula mabuku othandiza ophunzira zikwi zitatu. Munthu wowerengera ubwino pongophatikiza chiwerengero cha opindula angagamule mosavuta kuti mabuku apambane. John Rawls, m'buku lake la mu 1971 lotchedwa A Theory of Justice, anapereka njira ina yoyesera chilungamo, yakuti malamulo olungama ndi amene anthu angasankhe atakhala kuti sakudziwa malo amene adzakhale nawo m'dziko, kaya adzakhala olemera kapena osauka, ndipo munthu wosadziwa ngati adzayenda ndi miyendo kapena ndi njinga sangavomere nyumba ya masitepe okhaokha. Mwambi wa makolo wakuti lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza umanena zomwezo mwachidule, ndipo Roberts, amene anali mnyamata wokonda masewera mpaka zaka 14, ndi umboni wake. Chodabwitsa ndi chakuti Rawls mwini wake anaika pambali nkhani ya ulumali waukulu, poganizira nzika zimene zimatha kugwira nawo ntchito mokwanira moyo wawo wonse, ndipo Martha Nussbaum anamudzudzula pa zimenezi m'buku la mu 2006 lotchedwa Frontiers of Justice, ponena kuti chilungamo chozikidwa pa kupindulitsana chimasiya kunja aliyense amene akuganiziridwa kuti sabweza phindu. Nussbaum ndi Amartya Sen anaphunzitsa kuti choyenera kuyesedwa ndi zimene munthu akutha kuchita ndi kukhala, osati kuchuluka kwa zimene wapatsidwa, chifukwa ophunzira awiri olandira ndalama zofanana sali ofanana ngati mmodzi ayenera kulipira womuwerengera mabuku kapena womukankha pa njinga.

Mfundo ya chiwerengero ilinso ndi chinyengo chake, pakuti ophunzira aulumali amakhala ochepa pasukulu makamaka chifukwa sukuluyo ndi yosaloweka, ndipo kuchepa kwawoko kumagwiritsidwanso ntchito ngati chifukwa chosaikonzera. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 16 pa 100 alionse padziko lapansi ali ndi ulumali waukulu, kotero yunivesite imene ili ndi ophunzira otere owerengeka pa zala iyenera kudzifunsa kumene ena onsewo anatsalira. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene linavomerezedwa mu 2006 ndipo dziko la Malawi linalowamo mokwanira mu 2009 lisanakhazikitse lamulo lake la za ulumali mu 2012, limazindikira malire a chuma, chifukwa limafuna kusintha koyenera kumene sikusenzetsa bungwe mtolo wopitirira muyeso, komabe limanena poyera kuti kukana kusintha koteroko ndi tsankho. Umphawi wa sukulu ungachedwetse kubweza ngongole, koma suifafaniza, ndipo zambiri zofunika sizilira ndalama n'komwe: kusamutsira phunziro m'chipinda chapansi, kupereka zolemba za mphunzitsi pa kompyuta kuti wosaona azimvetsere ndi pulogalamu yowerenga mokweza, kapena kuwonjezera nthawi ya mayeso kwa wolemba pang'onopang'ono. Nyumba yatsopano yomangidwa lero ndi masitepe okhaokha ilibe chodzikhululukira chilichonse, chifukwa njira yotsetsereka yoikidwa pa pulani imatsika mtengo kwambiri kuposa yogumulira khoma pambuyo pake.

Komabe ganizo lakuti ulumali wonse uli pakhomo la nyumba lili ndi polekezera pake, ndipo ena mwa anthu aulumali eni ake akhala akunena zimenezi. Ngakhale misewu yonse ya Berkeley ikanasalazidwa, Roberts akanafunabe chimakina chake usiku ndiponso munthu womusambitsa m'mawa, ndipo ululu, kutopa ndi kufooka kwa thupi sizichotsedwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo. Apa ndi pamene ophunzira a ku Berkeley anapereka ganizo lawo lozama kwambiri, pokana kuti kudziimira pawokha kutanthauze kuchita chilichonse ndi manja ako. Kwa iwo munthu wodziimira ndi amene amalamulira thandizo limene akulandira, amene amasankha womuthandiza, nthawi yodzuka ndi kumene akupita, ngakhale sangathe kudzimangira batani la malaya. Munthu wotha maola awiri akulimbana ndi kuvala yekha n'kuphonya phunziro ali ndi ufulu wochepa poyerekeza ndi wovekedwa m'mphindi khumi n'kufika m'kalasi nthawi yabwino. Alasdair MacIntyre, m'buku la mu 1999 lotchedwa Dependent Rational Animals, anaonetsa kuti akatswiri ambiri a filosofi analemba ngati munthu amabadwa ali wamkulu kale, wathanzi ndi wosadalira wina, pamene moyo wa aliyense umayamba ndi kudalira ena ndipo kawirikawiri umathera momwemo.

Kwa owerenga oleredwa m'chiphunzitso cha umunthu, chimene chimati kali kokha n'kanyama ndipo munthu amakhala munthu chifukwa cha anzake, mfundo ya kudalirana si yachilendo, ndipo pamenepa nzeru za makolo zinatsogola. Koma umunthu uli ndi msampha wake pa nkhani ya masitepe. Si zachilendo kuona ophunzira atanyamula mnzawo pamodzi ndi njinga yake kukwera naye pa nsanja yachiwiri, ndipo oonerera amayamikira chikondi chotere, monga kuyeneradi. Chimene sichioneka ndi chakuti wonyamulidwayo sangapite ku laibulale pa nthawi imene anzakewo atanganidwa, sangatuluke m'kalasi kupita kuchimbudzi popanda kusokoneza anthu anayi, sangakangane ndi mnzake amene mawa adzafuna kuti amunyamule, ndipo tsiku la moto adzatsala yekha pamwamba. Kukoma mtima kwa ophunzira kumasanduka chophimba cha akuluakulu, amene amaona kuti zinthu zikuyenda ndipo saonanso chifukwa chomangira kanthu. Amuna anayi a ku Kapernao ananyamuladi mnzawo, koma sanalekere pa kunyamula. Umunthu wokhwima uyenera kufika pa pulani ya nyumba ndi pa ndondomeko ya chuma, popeza kumenekonso ndi kumene anthu amasankha amene ali mnzawo.

Chotsalira ndi mtolo wa womenyera ufuluyo, umene kawirikawiri sulembedwa paliponse. Wophunzira waulumali amene amalemba makalata, kudikira pa khomo la ofesi ndi kukhala pa misonkhano ya makomiti amagwira ntchito yachiwiri yopanda malipiro pa nthawi imene anzake akuwerenga, ndipo amachita zimenezi pamaso pa anthu omwewo amene adzachonga mayeso ake ndi kumulembera makalata a umboni. Akalankhula mofatsa amamuyamikira n'kumuiwala, ndipo akalankhula mwamphamvu amamutcha wovuta, chifukwa anthu ozolowera kuona nkhaniyi ngati yachifundo amakhumudwa akaona wolandira akulamula. Ku America lamulo la mu 1973, m'gawo lake lotchedwa Section 504, linaletsa mabungwe olandira ndalama za boma, kuphatikizapo mayunivesite, kusala anthu aulumali, koma ndondomeko zoligwiritsira ntchito zinakhala zosasainidwa kwa zaka zinayi, mpaka mu April 1977 pamene anthu aulumali oposa 100, motsogozedwa ndi Judy Heumann ndi anzake, anakhala m'nyumba ya boma ku San Francisco kwa pafupifupi mwezi wathunthu osatuluka. Panthawiyo Roberts anali atasankhidwa kale ndi bwanamkubwa Jerry Brown kukhala mkulu wa nthambi yomwe ija imene inamuyesa wosalembeka ntchito.

Kuwerengera zaka kumaulula chinthu china chimene chimasokoneza kaganizidwe kozolowereka ka wopatsa ndi wolandira. Digiri yoyamba imatenga zaka zitatu kapena zinayi, pamene kusintha nyumba, ndondomeko ya chuma ndi malamulo kumatenga nthawi yoposa pamenepo, kotero wophunzira amene amayambitsa nkhondo yotereyi kawirikawiri amamaliza maphunziro ake akukwerabe masitepe pamanja pa anzake, ndipo zimene wamenyera zimadzathandiza ana amene panthawiyo anali ku pulayimale, pamodzi ndi mphunzitsi wokalamba, mayi woyembekezera ndi wophunzira wothyoka mwendo pa mpira. Roberts analandira digiri yake yoyamba mu 1964, misewu ya Berkeley inayamba kusalazidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndondomeko zokakamiza mayunivesite zinasainidwa patapita zaka 15 chilowereni iye pasukulupo, ndipo lamulo lalikulu la Americans with Disabilities Act linabwera mu 1990, kutatsala zaka zisanu kuti amwalire.